Mukudikira Ndani, Asisi?

Atsikana anzanga, Okutobala uja wayandikira. Mitengo ya jakaranda yayamba kale kuvala maluwa m'tauni ya Blantyre, dzuwa nalo likuswa mtengo. Ino ndi nyengo yomwe Blantyre Arts Festival, chikondwerero chomwe chinayamba mu 2009, chimakonda kuchitika. M'magulu a WhatsApp nkhani ndi ya matikiti, ya tsitsi, ya nsapato zoti zipirire fumbi. Ine ndikufuna tikambe za m'mimba.

Musaseke. Aliyense amene anakhalako tsiku lonse akudziwa mmene zimakhalira. Umalowa masana utakhuta, n'kuonera magule, ndakatulo, sewero. Pofika 6 koloko miyendo yayamba kunjenjemera, chikhalirecho oimba omwe unadzera sanakwere n'komwe pa siteji. Uyenera kudya basi. Ndipo apa ndi pamene mtsikana amayamba kuwerengera zinthu zomwe mchimwene wake saziganizirako: ndipite ndi ndani, msewu wake ukuwala, ndikakhala ndekha andiona bwanji, ndalama ya kabaza itsalako?

Chaka china ndinali ku Blantyre Cultural Centre ku Chichiri, kuja akuluakulu amakutchulabe kuti French Cultural Centre. Anzanga anakakamira sewero lina, ine njala itandigwira ndinatuluka ndekha kupita pamalo ena odyera. Ndinakhala patebulo, chikwama pamiyendo. Mnyamata woperekera zakudya anabwera, osati ndi menyu ayi, koma ndi funso: "Mukudikira ndani, asisi?" Ndinati palibe, ndikufuna nsima ya chambo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kupita kukathandiza azibambo atatu omwe anandipeza nditakhala kale. Nsima isanafike, patebulo panatera botolo lomwe sindinaitanitse. "Abwana ali pakona apo." Ndinabweza mwaulemu. Posakhalitsa abwanawo anadzuka okha kudzandifunsa ngati ndine wodula kwambiri. Chambo ndinachisiya theka, ndipo ndalama yake ndinalipira yonse.

Wina anena kuti ndi nkhani yaing'ono, sanakugwire, sanakumenye. Zoona. Koma taonani zomwe nkhani zazing'onozi zimabala. Atsikana ambiri amangosankha kugona ndi njala, kapena kunyamula mabisiketi m'chikwama ngati ana a sukulu. Ena amapita ndi mwamuna yemwe sakumufuna kwenikweni, kungoti pakhale wina wokhala naye patebulo. Ena sabwera n'komwe. Ndiye mawa timve anthu akudabwa kuti bwanji atsikana sakonda zaluso.

Pa nkhani ya botolo lija ndinene momveka, chifukwa ndikudziwa ena mwayamba kale kulemba mu ndemanga kuti "musamalandire zaulere". Kulandira kapena kukana ndi nkhani yako. Munthu akakugulira tchipisi wagula tchipisi, sanagule nambala yako, sanagule usiku wako. Ine ndimakonda kudzilipirira chifukwa ndimafuna kudzuka nthawi yomwe ndafuna popanda wondikoka mkono, koma mtsikana amene walandira mbale alibe ngongole ndi munthu. Ndipo amene akukakamira, kukugwiragwira kapena kukulankhulira zolaula utamukana, adziwe kuti lamulo la Gender Equality Act la 2013 limatcha zimenezo mlandu, ndipo chilango chake chimafika K1 miliyoni ndi zaka zisanu kundende. Eni malo odyera nawo aphunzitse antchito awo kuti mkazi wokhala yekha ndi kasitomala wanjala, basi.

Kuyambira tsiku limenelo ndimadya panja, kwa amayi a pageti. Mumawadziwa. Amafika dzuwa likadali pamutu atasenza mabeseni, wina ndi zitumbuwa, wina mandasi, wina zigege, wina chidebe cha thobwa, wina mbaula yowotchera chimanga. Chapafupi pamakhala anyamata a chiwaya ndi kanyenya. Palibe mayi amene anandifunsapo kuti ndikudikira ndani. Amangoti "khalani apa mwanangu", n'kukusunthira kampando. Tsiku lina mnyamata woledzera anandiima kumbuyo nthawi yaitali, mayi wa zitumbuwa sanakweze n'komwe mawu, anangoti "achimwene, ngati simukugula tipatseni mpata", iye n'kuchoka. Chitetezo chomwe sindinachipeze pamalo a nsalu zoyera patebulo ndinachipeza pambali pa mbaula.

Koma apa pali potipweteka ifeyo, ma graduate ndi ogwira ntchito m'maofesi. Ku malo odyera apamwamba bilu ikabwera timalipira osatsokomola, mwinanso n'kusiya kangachepe pamwamba. Tikafika kwa mayi wa mandasi timasanduka akatswiri a zachuma. "Mwadulitsatu mayi." "Ikaniponi ka basela." Eti? Mayi ameneyu wadzuka 4 koloko, wagula makala, ufa, shuga ndi mafuta ophikira pa mitengo yomwe tonse tikuidandaula chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Walipira minibasi kuchokera ku Bangwe kapena ku Ndirande ndi katundu yense. Masiku awiri atatu a chikondwerero kwa iye ndi lendi, ndi fizi ya teremu yoyamba. Ndalama yomwe ukumenyera kuti akuchotsere siikwana ndi bandulo yomwe uwonongere kuika zithunzi pa Instagram usiku womwewo. Lipirani mtengo womwe wanena. Ngati mulibe zosintha funsani, ambiri ali ndi Airtel Money kapena Mpamba.

Ndikudziwa chomwe ena mukuopa, ndipo sindikuchipeputsa: ukhondo. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023 yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka boma linaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'misika. Mantha amenewo ndi oona. Ine ndimasankha chotentha, chochoka pamoto ndikuona, ndipo saladi ya kabichi ndimaidumpha ngati sindikuona madzi pafupi. Koma tizifunsanso kuti n'chifukwa chiyani madziwo palibe. Mayi sangasenze mpope pamutu kuchokera kwawo. Amene angaike madzi ndi amene ali ndi malo komanso mphamvu.

Ndiye pempho langa kwa onse okonza zikondwerero m'mizinda yathu, ndi kwa makhonsolo, ndi ili. Pokonza siteji, zokuzira mawu ndi malo a ma VIP, konzaninso kodyera. Patulani malo oonekera, pafupi ndi geti, a amayi ogulitsa zakudya, pa mtengo woti wogulitsa zitumbuwa angakwanitse, osati mtengo wa kampani ya zakumwa. Ikanipo zidebe za mpopi ndi sopo, motaya zinyalala, ndi zimbudzi za akazi zokhoma komanso zowala. Ikani magetsi kuchokera pageti mpaka pokwerera. Zonsezi sizifika mtengo wobweretsera woimba mmodzi wakunja, ndipo amene apindule si ogulitsa okha. Pamene pali kuwala ndi amayi khumi akuphika, mtsikana amatha kuima yekha n'kudya mwamtendere.

Chinanso chomwe sitichiona ndi chakumapeto. Nyimbo yomaliza ikatha ife timathamangira matakisi, amayi aja amatsala akuzimitsa moto, ndalama ya tsiku lonse ili m'chitenje, maminibasi atasiya kale kuyenda. Kale munthu wotere ankatha kugona m'chitokosi pa mlandu wongopezeka panja usiku, uja wa vakabu. Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo yemwe anamangidwa mu 2015 akupita ku Limbe m'bandakucha, anakatsutsa lamulolo ku khoti, ndipo mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Ogulitsa ambiri sakudziwa zimenezi mpaka lero, ndiye wina akawaopseza amangopereka kangachepe kuti awasiye. Mukamadikira tchipisi chanu, auzeniko. Inunso zikukukhudzani, chifukwa nanunso mudzakhala pamsewu womwewo 1 koloko usiku.

Chaka chino ife tagwirizana motere. Ndalama yobwererera kunyumba tikuipatula tisanagule kalikonse, ndipo sikhudzidwa ngakhale kanyenya anunkhire bwanji. Wa kabaza kapena wa takisi tikupangana naye masana, munthu yemwe mmodzi wa ife amamudziwa. Wotuluka kukadya akulemba m'gulu komwe wapita. Ndipo tikapeza malo m'galimoto, mayi wolowera njira yathu akwera nafe ndi mabeseni ake.

Amene mukubwera nokha, lembani mu ndemanga kapena mu inbox, tikuikeni m'gulu. Ine mundipeza panja pa geti cha m'ma 6 koloko, pafupi ndi utsi wa chimanga.