Kanema wa pa Ulendo: Wakuba Ndani?

Pa Linthipe, pamene mseu waukulu wa M1 umadutsa pochoka ku Lilongwe kulunjika ku Dedza, mabasi sasowa usana ndi usiku. Ena amathera ku Blantyre, koma ena amatulukira pa chipata cha Dedza, nadutsa ku Tete ndi ku Zimbabwe mpaka kukafika ku Johannesburg, ulendo wogonera m'njira. Pa ulendo wotere nkhani zimatha, maso amatopa ndi mapiri, ndipo n'chifukwa chake apaulendo ambiri masiku ano amanyamula kanema mu kompyuta ya m'manja kapena mu foni.

Kanemayo kawirikawiri amachokera pa chimbale. Munthu amene anagula chimbale chake ndi ndalama za thukuta lake ali ndi zifukwa zomveka zosamutsira kanemayo mu kompyuta. Chimbale sichigwirizana ndi fumbi, chimakandika msanga, ndipo makompyuta ambiri atsopano alibenso ngakhale polowetsa chimbale. Ameneyu kumutcha mbala n'kumulakwira, pakuti mwini kanema analandira kale zake, ndipo woonerayo ndi yemwe uja, wangosintha mpando.

Mlandu uli pa timashopu ta obena. Palibe malo a malonda a m'mbali mwa mseu amene mulibe mnyamata wokhala ndi kompyuta ndi chimkuzamawu pakhomo, wodzaza mafilimu m'mafoni ndi m'mafulashi pa mtengo wosakwana ngakhale wa botolo la zakumwa. Chimbale chimodzi chikalowa m'kompyuta yake chimabala ana osawerengeka. Anyamatawa si zigawenga ai. Ntchito zikusowa, ndipo luso lawo ndi losiririka, makamaka la aja amene amalowetsa mawu a Chichewa m'mafilimu a ku China ndi ku India mpaka agogo kumudzi kumaseka chikhakhali. Koma zimene akugulitsazo si zawo.

Ena amati eni mafilimu a ku Hollywood ndi olemera, sangalire ndi makwacha a pa Linthipe. Mwina n'zoona. Tsoka lake, kompyuta ya wobena sisankha. Momwe muli filimu ya ku America ndi momwenso mumagwera The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya mu 2012, kapena Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula, imene inapambana mphotho ya Africa Magic mu 2016. Anthu awa alibe nyumba za kanema m'maboma monse zoti abwezere ndalama zawo. Msika wawo ndi womwewo wa apaulendo ndi a m'midzi, ndipo ukalandidwa, ndalama zojambulira filimu yotsatira zichokera kuti?

Boma linaiona nkhaniyi. Bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limayang'anira ufulu wa eni luso, ndipo lamulo latsopano la mu 2016 linatsegula njira yoti zipangizo zosungira nyimbo ndi kanema zizilipiridwa msonkho wapadera, ndalama zake n'kugawidwa kwa eni ntchito. Nzeru yake ndi yabwino: palibe wapolisi amene angamasecha foni ya aliyense wokwera basi, choncho wogula chipangizo amalipiriratu kukopera kwake kwa pakhomo. Koma msonkhowo ndi wa munthu wodzikopera yekha. Sunaikidwe kuti ukhale chilolezo cha malonda a mwini shopu.

Chimene chatsala ndi chakuti eni mafilimu a m'dziko muno apangane ndi obenawo, m'malo modalira kuwalanda makompyuta, pakuti wolandidwa lero mawa amabwereka ina. Mnyamata wa pa Linthipe ali pamene wojambula wa ku Blantyre sangafike, ndipo amadziwa bwino zimene okwera basi ya ku Joni amafuna kuonera. Atapatsidwa filimu mwachilolezo, pa mtengo umene mlimi wa mbatata angakwanitse, n'kumapereka gawo la mwini pa kope lililonse, wapaulendo angapeze kanema wooneka bwino, wosaduka pakati, basi isanaimike n'komwe pa siteji.