Blockchain imasunga kaundula, koma siisintha mtima wa munthu

M'magulu a WhatsApp masiku ano simulephera kupeza wina akulalikira za kripto: "Ikani K50 000 lero, pakutha pa mwezi mukolola kawiri." Ine ndikuti tisanathamangire kapena kunyoza, tiyambe tamvetsa chimene chili pansi pa zonsezi, chomwe ndi blockchain.

Taganizani za buku la banki m'khonde. Likakhala ndi mlembi yekha, akhoza kufufuta nambala usiku. Koma membala aliyense atakhala ndi kope lake, tsamba latsopano n'kumamangiriridwa ku lam'mbuyo, kubera kungavute. Blockchain ndi kaundula wotero, wosungidwa pa makompyuta ambirimbiri nthawi imodzi. Bitcoin idayamba kuyenda pa njirayi mu 2009.

Phindu lilipo, sindikana. Ku America, malonda a masheya amatenga tsiku limodzi la ntchito kuti atsirizike, ndipo Meyi 2024 asanafike anali masiku awiri. Pa blockchain zikhoza kutha m'mphindi zochepa. Ngakhale BlackRock, kampani yaikulu kwambiri padziko yoyendetsa chuma cha anthu, idatsegula thumba la ndalama pa Ethereum mu Malichi 2024. Kwa ife nkhani ndi ya m'bale wa ku Joni. World Bank imati kutumiza ndalama ku maiko a kumwera kwa Sahara ndi kodula kuposa kwina kulikonse, pafupifupi madola 8 pa 100 aliwonse. Njira yodula mtengo umenewu ndi yofunika kuimvetsera.

Koma malire akenso ndi aakulu. Msika wa masheya wa ku Australia, ASX, udalimbana zaka zingapo kusamutsira kaundula wake pa blockchain, n'kugwa mphwayi mu Novembala 2022 utataya madola a ku Australia pafupifupi 250 miliyoni. Mwezi womwewo FTX idagwa, ndipo mwini wake, Sam Bankman-Fried, adagamulidwa zaka 25 kundende. Kaundula sadaname, adaba ndi anthu amene adasungitsidwa ndalama. Ku South Africa, Mirror Trading International idalonjeza phindu la Bitcoin, n'kugwa mu 2020 ndi ndalama za anthu zikwizikwi. El Salvador idavomereza Bitcoin ngati ndalama ya dziko mu 2021, koma mu 2025 idachotsa lamulo lokakamiza amalonda kuilandira.

Kwathu kuno tisadzinamize. Kusowa kwa foreksi kumabwera chifukwa timagula kunja zambiri kuposa zomwe timagulitsa, ndipo blockchain silima fodya kapena soya. Reserve Bank of Malawi idachenjeza kale kuti kripto si ndalama yovomerezeka m'dziko muno. Zikakuvutani, mulibe kokadandaula.

Chenjezo lokha silikwanira, chifukwa achinyamata akugula kale pa mafoni awo. Ndikupempha banki yaikuluyi iike malamulo omveka: kampani ikhale ndi laisensi, ndalama za makasitomala zisungidwe padera, mabuku aziunikidwa.

Inunso anzanga, musanadule bando n'kutumiza ndalama, funsani: akusunga ndani, phindu likuchokera kuti, nanga zikasowa ndikagogoda chitseko chiti? Wokuitananiyo akayankha kuti "ingokhulupirirani", ndalama yanu ikhale m'thumba.