Kufanana mphamvu pa chess: kwina n'kwaulemu, kwina n'kwamantha

Anzanga ambiri amati masewero a chess akatha popanda wopambana ndiye kuti nthawi yapita pachabe. Ine ndikuti zimatengera mmene kufanana mphamvuko kwabwerera.

Tiyeni titenge osewera wamba awiri a m'kalabu. Atalimbana kwa maola awiri, wina watsala ndi mfumu, bishopu ndi msilikali mmodzi wa mumzere wakumphepete. Mnzake watsala ndi mfumu yokha. Oonerera ayamba kale kumulira. Koma tinene kuti bishopu uja amayenda m'mabokosi akuda, pamene bokosi lapakona lomwe msilikaliyo akulowera ndi loyera. Mfumu yotsala yokha ija ikangothamangira pakonapo, palibe angaichotsepo. Akaipanikiza kwambiri imasowa kopita chonsecho sili pa cheki, ndipo malamulo amati imeneyo ndi stalemate. Aliyense amatenga theka la pointi. Wopulumuka chonchi sanachite mwayi ayi. Anadziwa malamulo ndipo anadekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ameneyu ndimamuvulira chipewa.

Kufanana kumene ndimadana nako ndi kochita kupangana. Anthu angoyenda kakhumi, zida zonse zikadali pabolodi, wina akutambasula kale dzanja kuti, "Achimwene, tingogawana." Amadzitonthoza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zoona zake n'zakuti onse awiri akuopa kugonja. Nanga adzaphunzira liti kumaliza masewero ngati amathawa asanafike kumapeto?

Ngakhale akatswiri nkhaniyi imawakhudza. Mu 2018 ku London, Magnus Carlsen ndi Fabiano Caruana anafanana mphamvu m'masewero onse 12 olimbirana ukatswiri wa dziko lonse. Oyamba anafika mayendedwe 115, ndipo kumeneko kunali kulimbana kwenikweni. Koma m'masewero a nambala 12 Carlsen anapempha kugawana pa mayendedwe 31 okha zinthu zikumuyendera bwino, ndipo ambiri anamudzudzula. Nawo okonza mpikisano wa ku Sofia mu 2005 anali ataletsa kale osewera kupemphana kugawana pointi pawokha.

Choncho pempho langa kwa otsogolera kalabu yathu ndi lakuti m'mipikisano yathu pasamakhale kupangana mayendedwe 30 asanakwane. Wofuna theka la pointi alikhetsere thukuta. Kuli bwino kugonja utaphunzirapo kanthu kusiyana n'kugawana usanayese nzeru zako.