FUMBI LA MGODI SI UFITI: ONSE AMENE ANAKUMBA APIMIDWE

M'midzi yambiri ya ku Petauke, Katete, Chipata ndi Lundazi muli amuna amene anathera unyamata wao pansi pa nthaka ku Mufulira, Nkana, Nchanga ndi Luanshya. Anabwerera kwao ndi njinga, wailesi ndi masutukesi a zobvala. Koma ena mwa iwo anabwereranso ndi fumbi la mwala m'mapapo mwao, katundu amene palibe kalaliki wa pa mgodi anamlemba pa pepala la malipiro.

Zaka zikapita, munthu wotere amayamba kutsokomola. Akalima mizere iwiri, wakhala pansi. Kacitunda ka ku dimba kamene anali kukwera akuimba, tsopano amapumulapo katatu. Abale amayang'anana ndi kunong'onezana kuti wina wamcitira nsanje cifukwa ca malata amene anafolera nyumba. Mbuzi imapita kwa sing'anga, nkhalamba yosalakwa imachedwa mfiti, ndipo banja limagawanika. Bodza ili liyenera kutha, cifukwa limapindulitsa okhawo amene anadya cuma ca mgodi. Pamene mudzi uli kufunafuna mfiti, kampani imene inadwalitsa munthuyo ili kugona tulo tabwino.

Matendawa ali ndi dzina. Madotolo amawacha silicosis. Mwala ukabooledwa kapena kuphulitsidwa, umatulutsa fumbi losalala kwambiri la silika limene maso sangalione. Fumbi lalikulu limatsakamira m'mphuno ndipo munthu amalimina. Losaonekalo ndilo limatsika mpaka pansi pa mapapo, ndi kukhala momwemo. Thupi limayesa kulikuta ndi zipsera, zipserazo zimauma, ndipo mapapo amene ayenera kufutukuka ngati mvukuto amasanduka ngati cikumba cokhalitsa padzuwa. Nthawi zambiri zizindikiro zimaoneka patapita zaka 10 kapena 20, ndipo matenda amapitirira kukula ngakhale munthu anasiya nchito kalekale. Cakudza siciimba ng'oma. Ndiye cifukwa cace munthu angacoke pa mgodi ali wojinca, napimidwa kuti ali bwino, koma nadzagwa ali kumudzi.

Palibe mankhwala ocotsa zipsera zimenezi, kaya a ku cipatala kaya a m'cikwama ca sing'anga. Apa ena amafunsa kuti: nanga kupimidwa n'kwa ciani ngati matenda sapola? Funso ili ndi la anthu aulesi, ndipo makampani amalikonda. Mapapo a silicosis ndi munda wolimidwa kale wa cifuwa ca TB. Munthu wa zipserazi amagwidwa ndi TB kawirikawiri koposa mnzace amene sanapumeko fumbi. Silicosis sapatsirana, koma TB imapatsirana, kwa mkazi, kwa ana ndi kwa adzukulu ogona m'nyumba imodzi. Ndipo TB imapola ndi mankhwala a miyezi 6, amene amaperekedwa mwaulere m'zipatala za Boma. Kupima munthu mmodzi wa ku mgodi ndi kucinjiriza khomo lonse. Komanso popanda cithunzi ca X-ray ndi cikalata ca madotolo, palibe cipukuta misozi cimene wodwala kapena mkazi wace wamasiye angalandire.

Atsamunda ndi eni migodi sanganene kuti sanadziwe. Ku South Africa lamulo la matenda a cifuwa ca a m'migodi linalipo kale mu 1912. Mu 1930 akatswiri a maiko ambiri anasonkhana mu Johannesburg, kumene makolo anali kucha ku Joni, kukambirana za silicosis yemweyu. Anadziwa kuti kuboola mwala ndi madzi kumapha fumbi. Anadziwa kuti mphepo yabwino iyenera kupopedwera pansi. Koma kwa munthu wakuda, kupima kunasanduka cosefera. Wopezeka ndi cifuwa anali kupatsidwa kandalama kocepa poyerekeza ndi ka mzungu, ndi kukwezedwa sitima kuti akafere kwao. Midzi ndiyo inasanduka cipatala ca migodi ya golide, ndipo amai okalamba ndiwo anali anamwino osalipidwa. Ngakhale mu 1995, bungwe lofufuza la Leon ku South Africa linapeza kuti fumbi m'migodi ya kumeneko silinacepe kwa zaka pafupifupi 50.

Boma la UNIP linacita bwino mu 1966 poletsa Wenela kulemba anthu a nchito m'Zambia. Koma taonani cimene cinacitika pambuyo pace. Mu 2018 makampani 6 a golide a ku South Africa anabvomera kupereka marandi 5 biliyoni kwa odwala silicosis ndi TB, khoti lalikulu la ku Johannesburg linabvomereza mu 2019, ndipo panapangidwa bungwe la Tshiamiso Trust logawa ndalamazo. Pangano limeneli limawerengera okhawo amene anagwira nchito kuyambira pa 12 March 1965. Ndiye kuti ana a Zambia ambiri amene anatengedwa ndi Wenela caka cimeneco cisanafike, makamaka a ku Barotseland, anatsala kunja kwa mpanda. Cilungamo cinafika maliro atatha kale.

Kuno kwao kwa mkuwa, kuyambira mu 1950 lamulo linafuna kuti anthu a m'migodi azipimidwa mapapo ku Bureau ya ku Kitwe. Mu 1999 malamulo a cipukuta misozi ca matenda a fumbi anaphatikizidwa ndi a ngozi zina za pa nchito, ndipo mu 2010 Bureau ija inakhala Occupational Health and Safety Institute. Kupima kwace si kobvuta. Munthu amajambulidwa cifuwa ndi X-ray, amauzira mpweya m'kamakina koyesa mphamvu ya mapapo, amapereka makhololo kuti aone ngati muli TB, ndipo amafotokoza migodi imene anagwirako ndi zaka zace.

Bvuto ndi mtunda. Kucokera ku Chipata kukafika ku Kitwe kudzera ku Lusaka ndi makilomita oposa 900. Nkhalamba imene ilephera kufika ku dimba lace, idzafika bwanji ku Kitwe? Pamene migodi inali kufuna manja, mtunda sunali bvuto. Anyamata anali kufika ku Copperbelt kucokera ku ngodya zonse za dziko. Lero manja atatopa, mtunda womwewo wasanduka cifukwa. Ngozi ya ku Mufulira ya mu September 1970, imene inapha anthu 89 usiku umodzi, dziko lonse linailira, ndipo kunali koyenera. Koma amene amafa mmodzimmodzi pa mphasa, kutali ndi mgodi, palibe belu limene limawalirira.

Ndipo fumbi silinathere pa nkhalamba. Acinyamata ali kuthamangira golide ku Rufunsa, ku Petauke ndi kwina, kulowa m'maenje opanda mphepo, kuboola ndi kusinja mwala wouma. Mwala woyera umene golide amabisalamo ndiwo wodzala ndi silika koposa. Ena amamanga kansalu pamphuno, naganiza kuti acinjirizika. Kansalu kamagwira fumbi looneka cabe, lakupha limadutsa. Ogula golide amabwera ndi sikelo ndi ndalama, koma palibe amene amabwera ndi madzi othira pa mwala kapena zobvala kumphuno zoyenera. Awa ndi adyera a mtundu umodzimodzi ndi aja a kale, kungoti khungu ndi cilankhulo zasintha.

Mamembala a Cipani m'midzi ali ndi nchito yoonekeratu, ndipo si ya kuomba m'manja pa msonkhano. Wapampando wa section ali yense, pamodzi ndi anyakwawa, alembe maina a onse amene anagwirapo nchito ya pansi pa nthaka, mgodi umene anali, zaka zace ndi nambala yao ya pa mgodi. Mapepala akale a nchito asakulungire fodya. Asungidwe m'citini, cifukwa ndiwo mboni. Ali yense wotsokomola koposa masabata 2 aperekezedwe ku kiliniki, ndipo akafika anene poyera kuti anali ku mgodi, kuti namwino asangomupatsa mankhwala a cimfine.

Maina amenewo apite kwa khansala, kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi kwa akulu a za umoyo pa boma, pamodzi ndi pempho limodzi: galimoto ya X-ray ndi madotolo a ku Kitwe zifike pa boma lililonse kamodzi pa caka, nthawi ya cilimwe pamene miseu ili youma, ndipo mtengo wa ulendowo ulipiridwe ndi makampani amene ali kukumba mkuwa.