Munda Wanga ufike ku Mkaika

Malo osungirako nyama a Munda Wanga ali ku Chilanga, pafupi ndi Lusaka, ndipo kuchokera ku Katete kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 500. Mwana wa mlimi wa ku Sinda kapena ku Vubwi sadzakwera basi kuti akaone mkango m'khola. Ngati cholinga cha malowa n'kuphunzitsa anthu kusamala zachilengedwe, aphunzitsi ake ndi a dipatimenti yoona za nyama zakutchire ayenera kubwera kuno ku chigawo cha Kum'mawa. Bwalo lilipo kale. Mwezi wa Ogasiti uliwonse Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi, ndipo mawu onenedwa pamenepo mafumu amapita nawo kumidzi.

Ena adzati maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi alibe paki, ndiye palibe choteteza. Koma ngaka, imene anthu ozembetsa amaisaka kwambiri, imapezeka m'tchire wamba, ndipo tchirelo likutha ndi makala komanso moto wa osaka mbewa. Enanso adzati munthu wanjala samva za nyama. Imeneyo ndi mfundo yolemera, ndipo yankho lake laoneka kale m'chigawo chino cha Kum'mawa: bungwe la COMACO limagula mtedza, soya ndi uchi kwa alimi, ndipo alenje ambiri apereka mfuti ndi misampha yawo. Munthu amateteza chimene akupindula nacho. Choncho ulendo wa ku Mkaika ubwere ndi msika, osati maphunziro okha. Mafumu athu, aitaneni akatswiriwa Kulamba isanafike.