Kolera sadziwa kuti kuno ndi kumayadi

Mvula ikangoyamba kugwa mwamphamvu mu Lusaka, ife a ku Woodlands, Chelstone ndi Kabwata timadandaula za maenje amumsewu ndi madzi odzaza pa Kulima Tower. Za kolera timasiyira anzathu a ku Kanyama ndi Chawama, ati ndi matenda amukomboni. Ofufuza akhala akutiuza kwa zaka zambiri kuti tikudzinamiza, koma makutu athu ndi ogontha.

Tiyambe ndi pansi pomwe tinamangapo nyumba zathu. Mbali yaikulu ya mzinda uno ili pamwamba pa thanthwe la laimu, lodzaza ming'alu ndi mapanga. Madzi akalowa m'thanthwe lotere sasefeka pang'onopang'ono monga amachitira mumchenga, amangothamanga. Dzinja likafika madzi apansi amakwera n'kukumana ndi zimbudzi zokumba, zonyansa n'kulowa m'zitsime. Musaganize kuti izi ndi za ku Kanyama kokha. Septic tank ya nyumba ya mpanda wamagetsi ku Kabulonga nayonso imatha kudontha, borehole ili chapafupi pomwepo.

Mu 2009 munatuluka zotsatira za kafukufuku muwiri wokhudza Lusaka. Woyamba anaika pamapu malo amene odwala kolera ankachokera, ndipo anapeza kuti odwala ankachuluka kumene kunalibe ngalande zokwanira. Wachiwiri anayerekeza nyengo ndi chiwerengero cha odwala kuyambira 2003 mpaka 2006. Anaona kuti kukatentha kwambiri, odwala amachuluka patapita masabata pafupifupi 6, ndipo mvula ikagwa yambiri, patapita masabata atatu. Apatu n'kutiuza malo ndi nthawi yomwe, ngati mlendo amene watumiza uthenga asananyamuke.

Nanga uthengawo tinachita nawo chiyani? Kolera anabuka mu October 2017, boma linatumiza asilikali kukayeretsa m'tauni ndi kuchotsa ogulitsa m'misewu. Tinaombera m'manja poona Cairo Road ili mbee. Mu October 2023 anabweranso, moopsa kuposa kale. Heroes Stadium inasanduka chipatala, ana anatsegulira sukulu pa 12 February 2024 m'malo mwa January, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno. Msewu wosesedwa umasangalatsa maso, koma pansi pake madzi anali omwe aja.

Nkhani ya ku Haiti, dziko lapachilumba ku Caribbean, imatiphunzitsa zambiri pamenepa. Kolera anabuka kumeneko mu October 2010, miyezi 9 chichitikireni chivomezi chachikulu, ndipo ambiri anangoti ndi zotsatira za chivomezicho. Ofufuza sanakhutire. Analondola mtsinje wa Artibonite, napima kachilombo komweko, mpaka anafika pamsasa wa asilikali a United Nations ochokera ku Nepal, pomwe zonyansa za m'zimbudzi zinkalowa m'madzi. Anthu pafupifupi 10,000 anafa, ndipo bungweli linadzapepesa mu December 2016. Akanapanda ofufuza, mlandu ukanakhala wa chivomezi mpaka lero. Ifenso timakonda kunamizira mvula, chifukwa mvula siyankha.

Tili ndi Zambia National Public Health Institute, tili ndi akatswiri pa UNZA ndi ku CIDRZ. Chimene chikusowa ndi njira yoti zimene apeza zifike kwa ife mvula isanagwe, m'chilankhulo chimene amayi ogulitsa repu pa Soweto Market angamve. Zotsatira za kupima madzi a m'zitsime ndi m'ma borehole zizilengezedwa dera ndi dera mu September, osati mu January mahema atakhomedwa kale. Makhansala athu tiziwafunsa za ngalande ndi kupopa zimbudzi monga timawafunsira za phula.

Ndipo ife akumayadi tisamadzione ngati oonerera. Mayi amene amatiphikira nsima ndi kutilerera ana amadzuka kukomboni m'mawa uliwonse, atamwa madzi a kumeneko. Ndiwo zathu zamasamba timagula pamsika womwewo ndi wina aliyense. Komanso tinene zoona, ambiri mwa ife chiikireni pampu pa borehole yathu sitinatengepo ngakhale botolo limodzi la madzi kukapimitsa.