Lekani Kutifunsa Kuti Kwanu N'kuti

Ife ana a m'ma CDSS, pamodzi ndi makolo athu komanso aphunzitsi amene anatiphunzitsa sayansi ndi choko chokha, tadzuka.

Kota yosankhira ana opita ku yunivesite tinaiona ndi maso athu. Inayamba nthawi ya Kamuzu, Khoti Lalikulu linaikana mu 1993, a Bingu wa Mutharika anaiutsa mu 2009, ndipo mu 2020 boma linati yatha. Maliro ake sitikulira. Funso lake linali limodzi: kwanu n'kuti? Mwana wa bwana wokulira ku Area 10 ankatha kulowa yunivesite pa dzina la boma la agogo ake, kumene mwina anangopitako pa Khirisimasi, pomwe mtsikana wa ku Rumphi wokhoza bwino MSCE ankatsala pakhomo chifukwa kwawo okhoza anachuluka. A Sinodi ya Livingstonia podandaula sananame.

Koma inu amene mukuti tsopano mapointi okha ndiwo aziyankhula, bwerani mudzakhale m'kalasi mwathu sabata imodzi. Sukulu zathu zambiri zinali malo a MCDE ophunzirirapo patali, zinangosintha dzina. Labotale timaimva m'buku, bukulo n'limodzi pagulu. Ena timafika thukuta lili kamukamu, ena timachita lendi tizipinda pafupi ndi sitolo, ufa ukatha sukulu yatha. Kenako a MANEB amatipatsa pepala lofanana ndi la mwana wogonera pasukulu, wodya katatu. Pepalalo ndi limodzi, inde. Njira yofikira pa desikiyo ndiyo yosiyana.

Gawo 20 la Malamulo Aakulu a dziko lino limaletsa tsankho, ndipo ndime yachiwiri ya gawo lomwelo imalola kupanga malamulo ochepetsa kusiyana pakati pa anthu. Ndime ziwirizi si adani.

Choncho tikuti: a NCHE posankha ana opita ku mayunivesite a boma aziyang'ana sukulu imene mwana anakhalamo, osati mudzi, mtundu kapena chigawo. Zimenezi zidutse ku Nyumba ya Malamulo, zisakhale mawu a nduna pamsonkhano amene wina adzafafaniza chisankho chikadutsa. Ndipo zikhale ndi malire: sukulu ikalandira labotale, mabuku ndi aphunzitsi okwanira, ichoke pa mndandanda wa sukulu zoyenera kuganiziridwa.

Mndandandawo tayamba kale kulemba, kuyambira Nsanje mpaka Chitipa. Bweretsani dzina la sukulu yanu.